MTENGO WA CHINTHU CHIMENE TASIYA

Mawu amene anayankhula Mlembi wa Mvano pa tsiku la chikumbutso, ku Boma la Mulanje



Komiti inatipempha kuti pa tsiku lino tiyankhulepo za munda wathu uja wa kuseri kwa tchalitchi. Alendo mutikhululukire, pakuti tikuulula za m'nyumba, koma tikhulupirira kuti nkhani yomweyi iliko kwanunso. Mundawo ndi theka la ekala basi, koma chaka chino watigaŵa pakati. Ena akuti tibzalemo chimanga monga mwa zaka zonse, chifukwa ndicho timapatsa odwala ndi nkhalamba pamene tipita kukawazonda. Ena akuti ayi, tibzalemo zinanazi, tizigulitsa, ndipo ndalama zake tizikagulira chimanga ku Limbuli. Pa msonkhano wa mwezi watha mawu anakwera ndithu, kufikira ena anapita kwawo osatsazika. Ife alembi tinalemba zonse m'buku, ndipo poziŵerenganso kunyumba tinapeza mawu amodzi amene ananenedwa katatu konse, koma palibe amene anawatsutsa. Mawu ake ndi akuti, chimanga cha m'munda mwathu nchaulere, pamene cha ku msika nchogula.

Tsono funso lathu lero ndi ili: kodi nzoona kuti chimanga cha m'munda mwathu nchaulere?

Ife sukulu tinalekeza ku pulayimale, ndipo sitidzionetsa ngati aphunzitsi. Koma mwana wathu wina amene akuphunzira za chuma ku koleji anabwera pa tchuthi, natipeza tikulimbana ndi buku la Mvano usiku. Atamva nkhaniyo anaseka, nati chinthu choyamba chimene amaphunzitsidwa kumeneko ndi chomwechi. Pa Chingerezi amachitcha opportunity cost. Ife tachitcha mtengo wa chinthu chimene wasiya, ndipo ponena mtengo sitikunena wa m'nkhalango ayi, tikunena wa pa malonda. Tanthauzo lake nlakuti pamene munthu asankha chinthu chimodzi, pali china chimene akadachita ndi tsiku lomwelo, ndalama yomweyo kapena munda womwewo, ndipo chabwino koposa mwa zimene wasiyazo ndicho mtengo weniweni wa chimene wasankha.

Titamvetsa tinamuuza kuti, mwanawe, ngati ndi zimenezi, agogo ako anazidziŵa kale osapita ku koleji. Mayi amene agulitsa tomato pa Chitakale, pobwera kuno lero sanalipire kalikonse pakhomo, koma adziŵa mumtima kuti wasiya phindu la tsiku lathunthu pa benchi yake. Wasankha kubwera, ndipo wachita bwino, koma sanganene kuti wabwera mwaulere. Inu amene muli ndi minda ya tiyi mukuchidziŵa kuposa tonse. Tiyi wambiri amaphuka nthaŵi ya mvula, kuyambira mu December, ndipo ndi nthaŵi yomweyo imene chimanga chifuna kupalira ndi kubandira. Mukapita kukathyola masamba, udzu ukula m'chimanga. Mukapita kukapalira, masamba akhwima, ndipo pa sikelo akawakana. Manja ndi aŵiri okha, dzuŵa nlimodzi. Paja akulu anati mapanga aŵiri avumbwitsa.

Tibwere ku munda wathu. Chaka chatha tinakololamo matumba 5. M'buku munalembedwa ndalama za mbewu, za feteleza ndi za aganyu amene anatithandiza kugalauza. Koma muli zinthu ziŵiri zimene sizinalembedwe. Choyamba ndi masiku athu, pakuti Loŵeruka lililonse limene tinapita ndi makasu, wina anasiya makina ake osokera, wina chiŵaya chake cha mandasi, wina tiyi wake. Chachiŵiri ndi zinanazi zimene zikadamera pa nthaka yomweyo. Ngati zinanazizo zikadatigulira matumba 8, ndiye kuti matumba athu 5 aja tinawagula ndi matumba 8, ndipo tinaluza osadziŵa. Ngati zikadatigulira matumba 3 okha, ndiye kuti tinachita bwino kubzala chimanga. Sitikunena pano kuti chiŵerengero choona ndi chiti. Tikungonena kuti mawu akuti chaulere tiwachotse m'kamwa, chifukwa amatitseka maso.

Pali chinthu chachiŵiri chimene mwana uja anatifotokozera, ndipo ichi chinatitengera masiku kuti tichimvetse, motero mutilole tichedwepo pang'ono. Tiyerekeze amayi aŵiri a Mvano. Sititchula maina, ndipo wina asayang'ane mnzake. Mayi woyamba ndi wa manja opepuka. Pa tsiku limodzi akhoza kusoka mabulauzi 4, kapena akasiya makina akhoza kukazinga mandasi 200. Mayi wachiŵiri ndi wodekha. Pa tsiku limodzi asoka bulauzi imodzi yokha, kapena akazinga mandasi 100. Mwaona kuti woyambayo aposa mnzake pa zonse ziŵiri, pa kusoka ndi pa kukazinga pomwe. Ambiri a ife tikadati, nanga mayi wotere mnzakeyo amfuniranji? Achite zonse yekha.

Koma taŵerengani mtengo wa chimene asiya. Mayi woyamba akasoka bulauzi imodzi, wasiya mandasi 50. Mayi wachiŵiri akasoka bulauzi imodzi, wataya tsiku lonse, ndiye kuti wasiya mandasi 100. Kotero bulauzi njotsika mtengo m'manja mwa woyamba. Tsono titembenuze. Mayi woyamba akakazinga mandasi 100, wasiya mabulauzi 2. Mayi wachiŵiri akakazinga mandasi 100 omwewo, wasiya bulauzi imodzi yokha. Kotero mandasi ngotsika mtengo m'manja mwa wachiŵiri, ngakhale kuti ndiye wochedwa pa chiŵaya.

Tinene kuti chikumbutso chayandikira, ndipo tawapatsa masiku aŵiri kuti atikonzere mabulauzi ndi mandasi. Aliyense akati tsiku limodzi asoke, tsiku lina akazinge, tidzalandira mabulauzi 5 ndi mandasi 300. Koma mayi wachiŵiri akakhala pa chiŵaya masiku onse aŵiri, atipatsa mandasi 200. Mayi woyamba akakazinga theka la tsiku, awonjeza 100, ndipo mandasi akwana 300 monga poyamba. Tsiku limodzi ndi theka lotsalalo akhale pa makina, asoka mabulauzi 6. Taonani, mandasi ndi omwe aja, koma bulauzi imodzi yawonjezeka. Palibe amene wadzuka m'mamaŵa kuposa kale, palibe amene wagona mochedwa. Bulauziyo yachokera m'kugaŵana bwino kwa ntchito basi.

Ndipo ngati aŵiriŵa sakugwirira Mvano koma mabanja awo, akhoza kusinthana. Agwirizane kuti bulauzi imodzi ipite ndi mandasi 70. Wosoka uja akondwa, chifukwa akadasiya makina kuti akazinge yekha akadapeza 50 okha pa nthaŵi yomweyo. Wokazinga uja akondwanso, chifukwa akadasoka yekha bulauziyo ikadamdyera mandasi 100. Onse aŵiri apita kwawo atapindula, ndipo palibe amene wabera mnzake. Ife kale tinkaganiza kuti pa malonda wina akaseka ndiye kuti wina akulira. Si nthaŵi zonse ayi.

Pano tipatuke pang'ono. M'gulu lathu muli amayi amene amadziona ngati opanda ntchito chifukwa pali ena owaposa pa chilichonse, pa kuyimba, pa kuphika, pa kusoka. Chiŵerengero chimene tapangachi chikusonyeza kuti maganizo amenewo ngolakwa. Mayi wodziŵa zonse ali ndi tsiku limodzi ngati ife tonse, ndipo ola lililonse limene ataya pa ntchito imene wina akadaigwira ndi ola limene wachotsa pa ntchito imene palibe wina angaigwire ngati iye. Ndiponso inu amayi a manja opepuka amene mumati ndisiyireni ndichite ndekha, mumatiluzitsa bulauzi ija.

Nzeru imeneyi inalembedwa m'buku m'chaka cha 1817 ndi munthu wa ku London dzina lake David Ricardo. Iye sananene za amayi aŵiri koma za maiko aŵiri, England ndi Portugal, kwawo kwa Apwitikizi aja amene ankalamulira tsidya lija la Muloza. Anayerekeza kuti ku England nsalu ya muyeso wakutiwakuti ifuna anthu 100 kugwira ntchito chaka chathunthu, ndipo vinyo afuna anthu 120, pamene ku Portugal nsalu yomweyo ifuna anthu 90 ndipo vinyo anthu 80. Apwitikizi aposa pa zonse ziŵiri, monga mayi wathu woyamba uja. Komabe Ricardo anasonyeza kuti maiko onse aŵiri apindula ngati Apwitikizi alimbikira vinyo, Angerezi nalimbikira nsalu, nasinthana. Za vinyozo tiwasiyire eni ake, ife a Mvano sitiloŵererapo, koma chiŵerengero chake ndi chomwe chija cha mandasi ndi mabulauzi. Ophunzira amachitcha comparative advantage, ndiko kunena kuti aliyense agwire ntchito imene poigwira asiya zochepa.

Tsono tiyang'ane dziko lathu lino la Mulanje, pakuti nkhaniyi timaiona ndi maso tsiku lililonse. Phiri lathuli limakoka mvula. Mbali ino ya kumwera imalandira mvula yambiri ndi chiperoni, pamene kuseri, ku Phalombe, nkouma koposa. Azungu oyamba anayesa khofi, ndipo khofi anawakanika. M'chaka cha 1891 Henry Brown anatenga mbewu za tiyi ku Mishoni ya Blantyre nadzabzala kuno, ndipo tiyi anakonda nthaka yathu yofiirayi ndi mvula yake. Lero mukayenda kuchokera pa Boma kupita ku Muloza muona tiyi mbali zonse, ku Lauderdale, ku Mimosa kumene kuli malo ofufuzira za tiyi, ku Lujeri, ku Ruo. Kuyambira mu 1967, pamene boma linakhazikitsa bungwe loyang'anira alimi ang'onoang'ono a tiyi, anthu a m'midzi nawonso anayamba kubzala tiyi m'minda yawo. Zinanazi, mapeyala ndi nthochi nazonso zimakonda kuno.

Koma malo ngochepa. Pa kalembera wa 2018 boma la Mulanje linapezeka ndi anthu oposa 680,000, ndipo mbali yaikulu ya dziko ndi phiri ndi minda ya makampani. Tisabise, kuchepa kwa minda yathu sikunagwe kumwamba. Makolo athu analandidwa malo m'masiku a atsamunda, nagwira thangata pa nthaka imene anabadwirapo. Kumeneko sikunali kusinthana kwa amayi aŵiri aja ayi, chifukwa munthu wa thangata sankafunsidwa ngati afuna kapena safuna. Kusinthana kopindulitsa onse ndi kumene aliyense ali ndi ufulu wokana. Koma zimene zinachitika zinachitika, ndipo ife tatsala ndi timinda ta theka la ekala, timene sitingadyetse banja chaka chathunthu ngakhale mvula itagwa bwino.

Makilomita ngati 30 kuchokera pano, kuwoloka Muloza, kuli Milange wa ku Mozambique. Anthu ake ndi abale athu, ambiri a ife Alhomwe agogo athu anachokera komweko. Kumeneko malo ngambiri, anthu ngochepa poyerekeza ndi kuno. Tiyi amamera kumenekonso, ndipo Apwitikizi ankamlima ku Milange ndi ku Gurué, koma nkhondo imene inatha mu 1992 inawononga zambiri. Mlimi wa ku Milange akabzala chimanga pa ekala imodzi sasiya zambiri, chifukwa malo ena alipo. Mlimi wa kuno akabzala chimanga pa ekala imodzi wasiya tiyi kapena zinanazi, ndipo alibe pena pozibzala. Ndiponso kwa mlimi wa ku Milange mizinda yaikulu ya dziko lake ili kutali, pamene Limbuli ali pakhomo, ndi Blantyre ali pafupi. Nchifukwa chake chitatha nkhondo tinayamba kuona njinga zija zolemedwa ndi matumba atatu kapena anayi, anyamata akuzikankha thukuta lili kamukamu, kubwera nazo ku msika wa Limbuli. Pobwerera ankanyamula shuga, sopo, ziŵiya za pulasitiki ndi zitenje. Palibe nduna imene inawatuma. Anaŵerenga okha. Ndipo amene munaona njala ya 2002 ndi ya 2005 mudziŵa kuti mabanja ambiri kuno anapulumuka ndi chimanga cha pa njinga chimenecho.

Si Milange yekha. Taonani m'khitchini mwanu. Shuga ngwa ku Nchalo, matemba nga ku Chilwa, usipa ngwa ku Mangochi, mbatata ya kachewere nja ku Dedza kapena ku Ntcheu. Palibe mayi amene anayesapo kuŵeta usipa mu Likhubula ponena kuti wogula ngodula. Nanga nchifukwa ninji pa chimanga chokha timachita manyazi kugula, ngati kuti mayi wogula chimanga ndi waulesi?

Amayi a mbali ya zinanazi tikukuonani mukumwetulira, koma dikirani, pakuti yankho la funso limeneli lili kwa anzanu, ndipo ndi yankho lolemera. Usipa ukasoŵa pa msika timadya chigwada. Chimanga chikasoŵa timagona ndi njala. Chiŵerengero cha Ricardo chimayenda bwino ngati msika ulipo, mseu ulipo, ndipo mitengo ikhala pamene unaisiya. Ife a ku Mulanje taona zonse zitatu zikutithaŵa.

Kumbukirani nandolo. Amwenye a ku India amadya nandolo kwambiri, ndipo kwa zaka zingapo mtengo wake unali wabwino, kotero kuti alimi kuno, ku Phalombe ndi ku Chiradzulu anabzala wambiri. Mu 2017 boma la India linachepetsa nandolo woloŵa m'dziko lawo, chifukwa alimi awo anali atakolola wambiri, ndipo mtengo kuno unagwa pansi. Anthu anatsala ndi matumba m'nyumba opanda wogula. Pambuyo pake, mu 2021, maiko aŵiriŵa anapangana kuti India azigula matani 50,000 pa chaka kwa zaka zisanu, koma amene analira mu 2017 anali atalira kale. Mwayi wake nandolo amadyeka, ndipo amasungika. Chinanazi sichisungika.

Kumbukirani nthochi. Thyolo ndi Mulanje ndiwo ankadyetsa Blantyre nthochi, magalimoto ankachoka atadzaza. Kunabwera matenda a chisaka, minda inatha, alangizi natiuza kuti tizule zonse ndi kutentha. Kufikira tinayamba kuona nthochi za ku Tanzania ndi ku Mozambique zikugulitsidwa m'misika ya Malaŵi. Banja limene linkadalira nthochi zokha linatsala manja lende. Apa tiphunzirapo kuti ntchito imene ikuyenera dera lina lero siikhala yomweyo mpaka muyaya.

Kumbukirani March wa 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula phiri, nakokolola midzi, milatho ndi miseu, ku Muloza ndi kwina. Sitifuna kutsegula zilonda pa tsiku lachikondwerero, pakuti ena muli muno munataya abale. Tingonena kuti m'masiku amenewo munthu wokhala ndi ndalama m'thumba koma wopanda ufa m'nyumba anali wosauka. Chaka chomwecho mu November ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse, ndipo chilichonse chochokera kunja chinakwera, ndi ndalama ya tsidya lija inakhala yodula kwa ife. Mu 2024 kunagwa chilala, boma nkulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi, ndipo pofika kumayambiriro kwa 2025 thumba la chimanga la makilogalamu 50 linadutsa K80,000 m'misika yambiri. Amene anali ndi nkhokwe, ngakhale yaing'ono, anagona tulo. Motero mayi amene akuti tibzale chimanga si wotsalira ayi. Iye akugula mtendere wa mumtima, ndipo mtendere umenewo uli ndi mtengo wake, umene ndi zinanazi zimene wasiya. Funso nlakuti tili okonzeka kulipira zingati.

Palinso china chimene mwana uja anavomera titampanikiza. Pamene akuti kusinthana kupindulitsa mbali zonse, satanthauza kuti munthu aliyense apindula. Chimanga cha ku Milange chikachuluka pa Limbuli, ife ogula tikondwa, koma mlimi wa ku Phalombe amene anali ndi matumba ake ogulitsa alandira zochepa. Ndiponso phindu limagaŵika monga mwa mphamvu ya munthu pokambirana mtengo. Amayi aŵiri aja anagwirizana pa mandasi 70, koma wina akadakhala wouma mtima, mnzake ali pa vuto, akadamkakamiza 95. Zimenezi nzimene zimachitika ndi zinanazi. Zimapsa nthaŵi imodzi, miyezi ya mvula, ndipo mulu uli pano, mulu uli apo m'mbali mwa mseu. Venda adziŵa kuti chinanazi chakupsa sichidikira sabata, ndiye atchula mtengo umene afuna. Achikulire mukumbukira masiku amene ADMARC inali ndi fakitale yoika zipatso m'zitini kuno ku Mulanje, mlimi ankadziŵa kokatula katundu wake. Ife a Mvano tikabzala zinanazi tiyambe tadziŵa amene adzagule, tisadabzale.

Tsono pobwera ku munda wathu, ife alembi taona zinthu zimene mbali zonse ziŵiri sizinaŵerenge. A mbali ya chimanga sanaŵerenge masiku athu a Loŵeruka, ndiponso sanaŵerenge kuti feteleza akukwera chaka ndi chaka, pamene nthaka ya mundawo yatopa ndi chimanga cha zaka zonsezi. A mbali ya zinanazi sanaŵerenge kuti chinanazi chitenga chaka ndi theka, pena zaka ziŵiri, chisanabale. M'miyezi yonseyo nkhalamba zathu zidzadya chiyani? Zimenezonso ndi mtengo wa chimene tasiya.

Ndipo pali vuto lina limene ife osunga mabuku timaliopa kuposa onse. Ndalama ya zinanazi imabwera mu December ndi January, nthaŵi imene chimanga chili pa mtengo wapamwamba. Chimanga chimatsika mu May ndi June, anthu akamakolola. Kuti tipindule, tiyenera kugwira ndalamayo miyezi inayi kapena isanu osaikhudza, kenaka nkugula chimanga chotchipa, kuthira mankhwala a anankafumbwe ndi kusunga. Tsono amayi, tinene zoona pamaso pa Abusa. Kodi ndalama inakhalapo m'bokosi la Mvano miyezi isanu osakhudzidwa? Kugwa maliro, titapa. Kubwera alendo, titapa. Wina adwala, tibwereka, ndipo kubweza kumakhala kwa pang'onopang'ono. Zonsezo nzabwino, sitikudzudzula munthu, koma thumba la chimanga lili m'chipinda silibwerekedwa msanga ngati ndalama. Ndiponso kwacha ikagona m'bokosi imachepa mphamvu yokha. Paja walira mvula walira matope. Amene afuna phindu la zinanazi avomerenso mwambo wosunga ndalama, apo ayi tidzakhala opanda chimanga ndi opanda ndalama yomwe.

Mukatifunsa maganizo athu, ife tikuona kuti nthaka ya kuseri kwa tchalitchi nja zinanazi koposa chimanga, ndipo kulimbikira matumba 5 chaka ndi chaka pa malo otere ndi chimodzimodzi kuika mayi wodziŵa kusoka pa chiŵaya. Koma sitikuvomera kuti tizule zonse chaka chimodzi. Tikupempha kuti magawo aŵiri mwa atatu apite ku zinanazi, gawo lachitatu likhale la chimanga ndi nandolo, ndipo m'mizere ya zinanazi zazing'onozo tibzalemo nyemba chaka choyamba. Tikupemphanso kuti ndalama ya zinanazi ikhale ndi buku lakelake, isasakanizidwe ndi ya maliro, ndipo osayinira akhale atatu. Pa zaka ziŵiri zoyamba chimanga chidzapereŵera, ndipo tidzafunika kusonkha mbale imodzi imodzi pokolola kuti odwala asaone kusiyana. Amene avotere zinanazi adziŵe kuti akuvoteranso mbale imeneyo.

Koma aŵa ndi maganizo chabe, ndipo chiŵerengero chenicheni sitinachipeze. Chifukwa chake komiti yasankha amayi atatu, mmodzi wa mbali ya chimanga, mmodzi wa mbali ya zinanazi, ndi Msungichuma. Iwo apita ku Limbuli ndi ku Chitakale kukafunsa mitengo ya chimanga, ya pokolola ndi ya m'miyezi ya njala. Akaonananso ndi alangizi a zaulimi kuti atiuze ana a zinanazi angati aloŵa pa malo athu ndi kumene tingawapeze abwino, ndipo akacheza ndi alimi aŵiri kapena atatu amene akhala akugulitsa zinanazi zaka zambiri, kuti atiuze zimene amalandira chaka chabwino ndi chaka choipa chomwe. Ife alembi tiŵerenga m'mabuku akale masiku onse amene tinagwira m'mundamo ndi ndalama zonse zimene zinaloŵamo pa zaka zisanu zapitazi.

Zonsezi tidzaziŵerenga pa msonkhano wa mwezi wamaŵa, ndipo voti idzakhala tsiku lomwelo, chifukwa mvula sidikira komiti. Aliyense abwere ndi pensulo ndi kapepala. Amayi aja amene munachoka osatsazika, mipando yanu ilipo, ndipo tikufuna mudzaŵerenge nafe.